Galimoto Zoyenda Monyang'ama

3 Malichi

Mlongo wanga, Bwana Injiniya,

Landira moni kuchokera patebulo la kukhitchini, pomwe ndasamutsira taipi yanga chifukwa kuchipinda denga layambanso kudontha. Uli bwanji kumeneko? Nanga mayi a ana ndi ana omwe? Ife kuno tilipo. Alamu, akazi a malemu achimwene athu, akupereka moni. Ndi iwo amene andiwerengere yankho lako, choncho ulembe zooneka, osati zako zija zokhala ngati papalasa nkhuku.

Ndinakumva pawailesi Lachisanu. Ndinali ndikutsuka makapu, ndipo madzi anasefukira ine ndili chiimire. Mawu ako ndi omwe aja, kungoti masiku ano umayamba watsokomola usanayankhe funso, ngati munthu wamkuludi. Unati pakutha pa chaka ndi theka matakisi ndi maminibasi onse akhala amagetsi, utsi uthe m'misewu. Ndinanyadira. Kuntchito ndauza aliyense kuti bwana ameneyu mamina ndinkamupukuta ndine.

Tsopano imva zanga. Ukudziwa kuti kuchoka pakhomo pano kukafika kufakitale ya nsalu, komwe ndimalandira mafoni, ndimayenda ndekha. Chino ndi chaka cha makumi awiri ndi ziwiri. Ndikatuluka pageti ndimatsata mpanda ndi ndodo, kudutsa pomwe pamanunkhira buledi, kudutsa pa owotcherera zitsulo, mpaka pamsewu waukulu. Pamenepo ndimaima pafupi ndi mtengo wa magetsi n'kutchera khutu. Minibasi imamveka ikadali kutali, imabwera ikukhosomola. Takisi imalira mopyapyala. Lole ndimaimva kuphazi isanafike kukhutu. Zonse zikadutsa pamagwa bata pang'ono, ndipo bata limenelo ndiye chilolezo changa chowolokera. Sindinagwirepo mkono wa munthu pamsewu umenewu, ngakhale tsiku limodzi.

Lachiwiri lapitali bata linagwa, ine n'kuponya phazi. Chinthu chinawomba ndodo yanga n'kuiulutsira kutali. Injini sindinaimve, ndinangomva mphepo m'miyendo. Mayi wogulitsa nyuzipepala pakona paja anakuwa mpaka mawu kusasa. Dalaivala anatsika n'kundithamangira.

"Amayi, kodi simukuona?"

Ndinati, "Inde bambo, sindiona. Nanga inuyo bwanji simukumveka?"

Iye anati, "Ndi yamagetsi iyi, amayi. Ndi zatsopano zija."

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Sindinkadziwa kuti ankanena galimoto za mlongo wanga.

Sindikuti mubweze utsi, usandimve molakwa. Ndikungopempha kuti galimoto zanuzi muziike kachinthu kolira zikamayenda, kuti ife a makutu tidziwe kuti kukubwera chinthu. Ngakhale njinga ili ndi belu. Pano zilipo zochepa, mwina imodzi pa makumi awiri, koma iwe mwini wanena kuti zonse zikhala zotero. Tsiku limenelo msewu udzakhala chete m'mawa mpaka madzulo, ndipo ine ndidzawoloka liti?

Usandiimbire foni pa nkhani imeneyi. Foni ndimaswera nayo tsiku lonse ndipo ndikudziwa kuti mawu ake amauluka. Lemba, undiuze ngati n'zotheka.

Ndine mlongo wako,
amene ndinakubereka kumsanaku.


19 Malichi

Achemwali,

Moni wanu ndalandira, ndipo tonse kuno tili bwino. Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Masiku ano ndimachoka ana asanadzuke, ndipo kalata yanu inakhala sabata yathunthu pansi pa mafayilo. Nditaiwerenga ndinaibwerezanso kawiri. Ndodo ija munaipeza? Mwendo suli kupweteka?

Mukudziwa chimene ndikuthamangira ndi ntchito imeneyi. Simunaiwale momwe amayi ankatsokomolera m'chipinda choyang'ana kumsewu chija, zaka zitatu, mpaka kutisiya. Adokotala anati mapapo awo anali ngati a munthu wosuta fodya, chonsecho sanasutepo chibadwire. Mwezi uliwonse umene tichedwa, kwinakwake amayi a munthu wina akupuma utsi womwewo. Ndikamalimbana ndi anthu pamisonkhano ndimakhala ndikumva chifuwa chija.

Kachinthu kamene mukunenako kalipo, si loto ayi. Vuto ndi loti galimoto zoyamba zinaitanitsidwa kale zopanda kameneko. Tikalemba m'lamulo kuti kakhalepo, zonse ziima kaye pafupifupi miyezi isanu, ndipo apampando a komiti yathu safuna kumva mawu oti kudikira. Ndinaitchula nkhani yanu Lolemba. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Wadandaula ndani? Ali kuti? Tionetseni kalata yake. Sitingaimitse dziko chifukwa cha nkhani ya pakhomo panu." Anthu anaseka, ine n'kukhala pansi.

Ndiye, achemwali, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lembani kalata yeniyeni yopita ku komiti. Mufotokoze momwe mumawolokera, zimene zinachitika Lachiwiri lija, malo ake ndi nthawi yake. Ngati alipo anzanu osaona amene zawachitikira, muikemo mawu awo. Mutumize kwa ine, ndikaiwerenga ndekha pamaso pa onse. Alipo awiri m'komitimo amene akhoza kundithandiza atangoona pepala. Lamuloli litsekedwa pa 30 Meyi. Likadutsa tsiku limenelo, kwatha.

Pakadali pano, chonde, lolani alamu azikuperekezani. Ndikudziwa kuti mukalipa mukamva mzere umenewu, koma ndalemba basi. Alamu, musaudumphe.

Ndine mlongo wanu,
wa mamina uja.


2 Epulo

Alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Kalata iyi ndalemba mobisa, ndili pa benchi ya ku positi ofesi, ndipo musaitchule mukamalembera achemwali anu.

Yanu ija ndinawawerengera yonse, ndi mzere wa kuperekeza womwe. Anayankha kuti, "Ine si katundu woti munthu azinyamula m'mawa n'kukatenga madzulo." Kutacha ndinavala nsapato kuti ndiwatsatire, iwo anamva n'kundibweza pageti. Tsopano ndimawatsata chapatali, nditavala zofewa kuphazi. Zimene ndimaona, alamu, inu simungazipirire. Amaima pamtengo wa magetsi paja, mutu atapendeketsa, nkhope ili phee ngati akupemphera. Dzana takisi yamagetsi inadutsa pafupi kwambiri moti siketi yawo inauluzika. Iwo sanadziwe n'komwe. Anawoloka akung'ung'udza nyimbo, ine nditaima pampanda ndikuwayang'ana.

Inu munali kusukulu kunja pamene achimwene anu anagundidwa. Kuchipatala kukazindikira mtembo ndinapita ndine, ndekha. Anandivundukulira nsalu kuti ndione ngati ndi iwo, ndipo ndinawazindikira ndi wotchi. Munthu mmodzi wa banja lino ndi wokwanira. Sindifuna kuvundukuliridwanso nsalu.

Ndikuuzeni maganizo anga, ngakhale sindinaphunzire ngati inu. Kachinthu kolira kameneko kakaikidwa, iwo adzati msewu ndi wawonso, ndipo adzapitiriza kuwoloka okha mpaka tsiku limene khutu lidzawanamize. Zaka zawo ndi makumi asanu ndi zinayi. Ndikawaitana kuchokera kubafa masiku ano ndimaitana kawiri. Iwo savomera, koma ine ndimakhala nawo.

Tsopano Lamlungu lililonse m'mawa amapita kwa anzawo osaona kukatola nkhani, akuti akamaliza adzakhala pa taipi kulemba kalata ya komiti ija. Kudya amaiwala. Inu ndinu mwamuna wotsala m'banja lino. Bwanji osalankhula ndi abwana awo kufakitale, kuti mwina awapumitse mwaulemu, kapena galimoto ya kampani izidzawatenga? Inu akhoza kukumverani. Ine ndine wobwera chabe.

Mundiyankhe kudzera ku shopu komwe ndimasoka, osati kunyumba.

Ndine mlamu wanu.


14 Epulo

Bwana Injiniya,

Moni. Ndikhulupirira kuti ana ali bwino, poti iwo sanandilakwire.

Lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, foni inalira. Unawerengera bwino kuti nthawi imeneyo ndimakhala nditatuluka, koma mnzanga wondilandira anali kuchipatala ndi dzino, ndiye ndinakhala ndine. Ndinati, "Fakitale ya nsalu, ndikuthandizeni?" Kunali zii. Kenako ndinamva kachifuwa kako ka pawailesi kaja, n'kumva mawu onenepa akuti, "Ndilumikizeni ndi abwana oona za antchito."

Ndinakulumikiza. Ndi ntchito yanga, ndipo sindinaiphonyepo. Koma iwe, mwana amene ndinkakuzindikira kulira kwako pakati pa ana khumi, unaganiza kuti ukanenepetsa mawu sindikudziwa?

Madzulo ake abwana anandiitana, n'kundikokera mpando, chinthu chimene sanachitepo. Anati, "Amayi, abale anu akudera nkhawa za ulendo wanu wa m'mawa. Kodi munaganizapo zopuma?" Zaka makumi awiri ndi ziwiri palibe anandifunsapo funso limenelo pamalo paja. Ankandiona ngati wantchito. Tsopano akundiona ngati ngozi imene ikudikira tsiku lake, ndipo wawapatsa maso amenewo ndiwe.

Ndinakupempha belu. Sindinakupemphe kuti undichotse pamsewu. Ndakwiya, ndipo ndikunena poyera kuti usachite kulota.

Yankho langa likubwera mu envulopu yaikulu. Uliwerenge bwino, tsamba ndi tsamba.

Mlongo wako.


6 Meyi

Alamu,

Moni kwa inu, ndipo zikomo chifukwa cha zonse mukuchita. Ndalembera ku shopu monga munanenera.

Envulopu yaikulu ija yafika lero. Ndinaitsegula muofesi mlembi wanga ali pomwepo, ndikumuuza monyada kuti nayi kalata imene isinthe lamulo. M'katimo munali masamba khumi ndi limodzi, omangidwa bwino pakona ndi kawaya. Onse oyera. Palibe ngakhale chilembo chimodzi. Mlembi anayang'ana kumbali, ine n'kuwaponya m'dirowa.

Ndamva. Anati ndiwerenge tsamba ndi tsamba, ndawerengadi. Ndimawadziwa achemwali anga. Ndili mwana ndinawathyolera chipangizo chawo cholembera zilembo za anthu osaona, ndipo anakhala masabata awiri osandiyankhula. Ankandiikira madzi osamba, kundichapira yunifomu, koma pakamwa atatseka. Izi ndi zomwezo, kungoti pano zabwera ndi sitampa.

Kulakwa ndinalakwadi pa foni ija, koma ndinachita chifukwa cha mantha amene inu munandipatsa. Ndipo kundichititsa manyazi chonchi, ine nditaika kale khosi langa pamaso pa apampando, zandiwawa. Sindiwaimbira, ndipo sindiwalembera. Ndikatero adzati ndikuwanyengerera ngati mwana. Kwatsala masabata atatu. Mkwiyo ukaphwa adzalemba yeniyeni, taipi ali nayo.

Inu muli nawo pafupi. Mukaona kuti afewa, kapena ngati pali china chimene ine sindikuchidziwa, mundiuze msanga.

Ndine mlamu wanu.


4 Juni

Mlongo wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Ndakumvanso pawailesi. Lamulo ladutsa, mwaombera m'manja, ndipo mtolankhani atafunsa ngati panali madandaulo, iwe unati, "Palibe amene anatipeza ndi dandaulo lolembedwa." Ndinazimitsa wailesi n'kukhala pansi pakhitchini, pasimenti penipeni. Alamu anandipeza pomwepo n'kuyamba kulira, ine osadziwa kuti akulirira chiyani.

Palibe amene anakupezani? Masamba khumi ndi limodzi, iwe! Malamlungu atatu ndagogoda taipi iyi mpaka zala kutupa. Anthu asanu ndi anayi ndinawayendera ndi miyendo yangayi. Mphunzitsi uja wa kusukulu ya ana osaona, amene takisi inamuthyola akakolo pageti la sukulu, anandiuza nkhani yake ali chigonere. Bambo amene amatikita odwala kuchipatala anati tsopano amalipira munthu womuwolotsa, ngati akuwoloka mtsinje. Mayi wina woluka mipando anasiyiratu kupita kumsika. Onsewa ndinawauza kuti, "Musadandaule, mlongo wanga ali m'katimo, akawerenga yekha pamaso pa akuluakulu." Anandikhulupirira. Dzulo mphunzitsi uja waimba kufakitale, ine ndemwe n'kulandira, ndipo anangofunsa kuti, "Amayi, zinatheka bwanji?" Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Mwezi wathunthu ndakhala ndikufunsa alamu tsiku ndi tsiku ngati kwabwera kalata. Ndinkati watanganidwa, ukumenya nkhondo yathu. Kani unaiika pansi pa mafayilo ngati yoyamba ija? Kapena unaona kuti ikuchedwetsera miyezi isanu yako? Ukanangondiuza kuti, achemwali, ndasankha galimoto. Ndikanakwiya, koma ndikanakulemekeza.

Ndiyankhe funso limodzi lokha. Unaiwerenga?

Mlongo wako.


11 Juni

Achemwali,

Sindikudziwa ngati moni wanga mungaulandire, koma ndaupereka.

Masamba anu anafika opanda inki. Onse khumi ndi limodzi anali oyera. Ine ndinayesa kuti mwachitira dala chifukwa cha foni ija, kuti ndiko kundiuza kuti mulibenso mawu ndi ine. Ndinakwiya, ndinawatsekera m'dirowa, n'kumadikira kuti mulembe ina.

Kalata yanu ya pa 4 itafika ndinawatulutsa. Ndinapita nawo pawindo n'kuwapendeketsa kudzuwa. Achemwali, mawu onse alipo. Zitsulo za taipi zinadinda pepala ngakhale liboni ya inki inali itauma. Nditayendetsa chala kuseri ndinamva timabampu, mzere ndi mzere. Inu mukanangogwira kamodzi mukanadziwa kuti ndi kalata. Ine wa maso ndinayang'ana n'kunena kuti palibe kanthu. Ndinatenga pensulo n'kupaka mopepuka tsamba lililonse, mawu n'kumatuluka oyera pakati pa zakuda. Ndawerenga zonse, za mphunzitsi, za mayi woluka mipando, ndi pomwe munalemba kuti simukupempha chifundo koma phokoso pang'ono. Pa makalata onse amene komiti yathu inalandira panalibe yoposa imeneyi. Ikanawerengedwa tsiku lija, ndikhulupirira kuti tikanapambana.

Ndinathamanga nayo kwa apampando, manja ali bii ndi pensulo. Anawerenga tsamba loyamba ataimirira, n'kunena kuti, "N'zomvetsa chisoni. Koma lamulo lasainidwa, ndipo galimoto zili kale m'njira. Tidzaliunikanso pakatha zaka zitatu." Ndinachonderera mpaka anandigwira paphewa n'kunditulutsa.

Safunsa anadya phula. Masabata atatu ndinali ndi foni patebulo, ndipo nambala yanu ndimaidziwa pamtima. Chinandiletsa ndi kunyada basi. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero.

Koma pali china chimene sindingachimeze. Mapepala amenewa wina anawasanja, anawamanga ndi kawaya, analemba adiresi ndi bolopeni, ndipo munthu ameneyo amaona. Pa 6 Meyi ndinamulembera munthu yemweyo, ku shopu komwe amasoka, kumuuza kuti masamba afika oyera. Sanandiyankhe.

Alamu, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga izi mokweza. Pitirizani mpaka pansi.

Ndine mlongo wanu.


18 Juni

Alamu,

Moni. Tilipo, ngati kukhala m'nyumba imodzi osalankhulana ndiko kukhalapo.

Ndinawerenga mpaka pansi, musadere nkhawa. Sindinadumphe ngakhale liwu limodzi. Ndikanatha kudumpha, ndani akanadziwa? Nditamaliza, achemwali anu anafunsa kuti, "Munaona?" Ndinati, "Ndinaona." Anati, "Kuyambira tsamba liti?" Ndinati, "Loyamba." Anangoti, "Zikomo," n'kunyamuka kukatsuka makapu amene ndinali nditatsuka kale.

Kuwauza kuti inki yatha ndi ntchito yanga chilowereni m'nyumba muno. Ndimayang'ana pepala n'kunena kuti yayamba kufooka, tigule liboni ina. Lamlungu loyamba lija ndinawapititsira tiyi n'kuona pepala likukwera loyera, iwo akugogoda ndi mphamvu, milomo ikuyenda. Ndinatsegula pakamwa. Kenako ndinaona siketi ija ikuuluzika pamsewu, ndipo ndinaika kapu patebulo n'kutuluka. Ndinati ndiwauza madzulo. Madzulo ndinati mawa. Lamlungu lachitatu anandipatsa mulu wonse n'kunena kuti, "Taonani ngati mizere yawongoka." Ndinati yawongoka. Nditaponya envulopu ku positi ndinagula liboni yatsopano n'kuiika iwo ali kuntchito.

Musaganize kuti ndinagona tulo tabwino. Koma musandiveke ine ndekha mlandu wonse. Inu mwanena nokha kuti foni munali nayo. Ndipo galimoto zosamvekazi sindinaitanitse ine. Inu munathamanga chifukwa cha amayi anu amene anapita, ine ndinakhala chete chifukwa cha amuna anga amene anapita, ndipo wamoyo yekhayo palibe anamufunsa. Za anthu asanu ndi anayi aja ndiye zimene zimandidya. Sindinawaganizire. Ndinkangoona munthu mmodzi.

Mukafuna kundithamangitsa m'nyumba ya makolo anu, nenani, makina anga osokera ndi opepuka. Koma muyambe mwapeza amene aziwatsata m'mawa. Maminibasi atsopano ayamba pamsewu wathu pa 1 Julayi.

Achemwali anu ali moyo. Ndikadzuka ndimamva akutsokomola kubafa, ndipo pa chimenecho chokha sindinong'oneza bondo.

Ndine mlamu wanu.


9 Julayi

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa mayi a ana ndi kwa ana. Kalata ino ili ndi inki. Ndakaionetsa kwa mayi wogulitsa nyuzipepala pakona paja, ndipo aponya ndi iwo.

Maminibasi ako anafika. Ndikuuze chilungamo, poti ine sindibisa: mpweya wasintha. Fungo la buledi tsopano limafika mpaka pageti pathu. Zovala pachingwe sizikuda. Chipinda chija cha amayi ndimatsegula windo tsiku lonse, ndipo ndikakhalamo ndimaganiza kuti akanapuma bwino. Pamenepo unalondola, ndipo usalole munthu akuuze zina.

Lolemba, pa 1, ndinauza alamu kuti akanditsatira ndiwamva ndipo ndibwerera. Ndinayenda ndekha mpaka pamtengo wa magetsi. Ndinaima, ndodo kutsogolo, n'kutchera khutu. Kunali bata. Ndinkamva mbalame padenga la owotcherera zitsulo, ndinkamva wina akusesa kutsidya, ndi kamkokomo ka matayala kosadziwika ngati kali pano kapena uko, kakubwera kapena kakupita. Katatu ndinanyamula phazi, katatu mphepo inandipyola pankhope. Ndinaima mphindi makumi anayi. Belu la kufakitale ndinalimva likulira kutsidya, ine ndili pomwepo ngati mwana wotayika pamsika. Anthu ankandidutsa. Wina anandiika ndalama yachitsulo m'dzanja.

Ndinabwerera kunyumba. Aka kanali koyamba kujomba kuntchito popanda kudwala.

Abwana anandiikira pepala lopumira patebulo, cholembera pambali. Sindinasaine. Ndili ndi zaka zina zoti ndigwire, ndipo sindikhala pakhonde kudikira kuti komiti yako idzakumbukire pakatha zaka zitatu. Galimoto ya kampani akuti sifika mbali yathu ino. Ndinayesa mayi wa nyuzipepala, koma sangasiye katundu wake m'mawa uliwonse. Ndinayesa kuzungulira kumaloboti, ulendo wa ola lathunthu, n'kupeza kuti nawonso salankhula. Ndiye panatsala munthu mmodzi.

Alamu usawathamangitse. Ndalingalira masiku ambiri, ndipo ndilibe wina. Timatuluka limodzi ikamakwana hafu sikisi. Mpanda ndimatsata ndekha, iwo ali pambuyo. Tikafika pamtengo paja amandigwira pachigongono, ndi dzanja lomwe lija linamanga masamba anga ndi kawaya. Ndi lofunda, ndipo limagwira mosamala. Ndimadana nalo, ndipo ndimalitsamira. Madzulo ndimawapeza akundidikira pageti la fakitale, pomwe anzanga onse amaona. Anafuna kuti ndisamawoloke ndekha, zatheka. Iwe unafuna chaka ndi theka, ukwanitsa. Aliyense m'banja lino wapeza chimene ankafuna.

Masamba aja usawataye. Mphunzitsi uja akuti pakatha zaka zitatu adzabwera yekha kudzawawerengetsa, akadzakhala akuyenda. Ine ndasiya kulonjeza anthu m'dzina lako.

Usayankhe kalata ino. Wondiwerengera m'nyumba muno ndi yemweyo, ndipo mawu ake ndikuwamva kale mokwanira m'mawa uliwonse, pakhutu langa lakumanzere, akuti, "Dikirani. Dikirani. Tiyeni tsopano."

Mlongo wako.